Festivali ya nthano ichitike mu Juni momwemo, m'Chichewa, agogo ali kutsogolo

Pa Ulongwe, kuno ku Angonia m'chigawo cha Tete ku Mozambique, pavuta nkhani masabata ano. Gulu la aphunzitsi ndi achinyamata likufuna kukonza festivali ya nthano ndi ndakatulo kumapeto kwa Juni, madzulo awiri pabwalo, ndipo mkangano wake wafika paliponse, mu shapa (maminibasi athu aja), pamsika, m'magulupu a WhatsApp mpakana pakhomo la tchalitchi anthu akaweruka. Ena akuti ndi kutaya ndalama, ena akuti kuzizira kumeneku mufuna kupha ana athu, ena akuti ngati ichitike ichitike m'Chipwitikizi kuti akuluakulu aboma amve. Ine maganizo anga ndiwanene poyambirira pomwe kuti musavutike kuwasakasaka. Festivaliyi ichitike, ichitike mu Juni momwemo nthawi yachisanu, chilankhulo chake chachikulu chikhale Chichewa chathuchi, ikhale yaing'ono yoti tingathe kuyisenza tokha, ndipo amene akhale kutsogolo akhale agogo odziwa nthano, mipando yapulasitiki ya alendo olemekezeka ibwere pambuyo. Amene akutsutsa si anthu opusa, ambiri ndi abale athu ndipo zina zomwe akunena ndi zoona, nde tiyeni tiwamve mmodzimmodzi.

Ndiyambe ndi nkhani ya ndalama chifukwa ndi imene ikumveka kwambiri. Amati nthano sizidyedwa, anthu angokolola kumene, mtengo wa chimanga nthawi ino umakhala pansi, wa fodya akudikira ndalama zake, wa mbatata ya kachewere akuganiza za fetereza wakudimba, ndiye wina abwere ndi kope kudzasonkhetsa ndalama za ndakatulo? Funso limeneli ndi lachilungamo ndipo okonza asamalinyoze. Koma tiyeni tione bwino chimene chimadya ndalama pa zochitika ngati zimenezi. Agogo akamafotokoza nthano safuna siteji yamatabwa, safuna jenereta yaikulu, safuna ma sipika otalika ngati munthu. Chimene chimamaliza ndalama ndi malaya osindikiza, zikwangwani, mafuta a galimoto za alendo, chakudya chapadera cha patebulo lapamwamba ndi timaenvulopu ta anthu amene angobwera kudzakhala. Mukachotsa zimenezo chotsala ndi chochepa kwambiri, bwalo la sukulu lobwereka, mphasa zimene mabanja angabwere nazo, maikolofoni imodzi ndi kasipika kochaja, tiyi, ndi mayendedwe a okalamba ochokera kumidzi. Zimenezi mabanja, amalonda apamsika ndi mipingo angathe kusonkha mametikali pang'onopang'ono popanda wina kugona ndi njala. Ndipo apa ndikusiyana ngakhale ndi ena mwa okonzawo amene akuti tidikire kaye bungwe lina litipatse thandizo. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Taona zinthu zambiri kuno zikuyamba ndi ndalama za pulojekiti, chaka choyamba zikoma, chachiwiri zikoma, pulojekiti ikatha basi zonse ziii, chifukwa anthu anazolowera kuti mwini wake ndi uja wabwera pa galimoto yoyera. Chinthu chimene mudzi wasonkhera wokha ngakhale chikhale chosaoneka bwino pachithunzi anthu amachifunsa chaka chamawa kuti chili kuti.

Komanso tisaiwale kuti madzulo amenewo ndalama sizingotuluka zokha, zina zimalowa. Amayi ogulitsa zitumbuwa, mbatata yootcha, mtedza wokazinga ndi thobwa adzapeza makasitomala, anyamata a njinga zamoto adzanyamula anthu. Sindikunena kuti wina adzalemera nazo, ayi, koma si zoona kuti tauni idzangoluza.

Tsopano nkhani ya kuzizira, imene ine ndikuyitenga kuti ndi yolemera kuposa ya ndalama. Amene sanakhaleko ku Angonia amaganiza kuti Tete yense ndi ng'anjo ngati mumzinda muja m'mbali mwa Zambezi, koma ife tili pamwamba, Juni ndi Julayi kuno mphepo imalowa mpakana m'mafupa, ku Tsangano ndiye osanena, m'mawa udzu umachita kuyera. Mayi amene akuti sindingalole mwana wanga akhale panja usiku atenge chifuwa akunena zanzeru, ndipo agogo amene tikuwafunawo ndi amenenso chisanu chimawavuta kwambiri. Ndiye ena akuti bwanji osaisunthira ku Okutobala kukafunda, kapena kuichita masana dzuwa lili pamutu. Yankho langa ndi lakuti tiyang'ane kalendala ya mlimi, chifukwa anthu a festivaliyi ndi alimi. Kuyambira Novembala mpaka Malichi ndi mvula, matope, kupalira, misewu yakumidzi yoti ngakhale njinga yamoto imakana, ndipo m'nyumba zambiri nkhokwe imakhala yapepuka, munthu wanjala samvera nthano. Epulo ndi Meyi ndi kukolola. Okutobala anthu ali kalikiliki kusosa ndi kugalauza, amaweruka atatopa. Ogasiti ndi Seputembala ndi nthawi ya zinamwali, ziliza, magule ndi maukwati, komanso mafumu athu a Chichewa amapita ku Kulamba ku Mkaika, ku Katete m'dziko la Zambia, kukapereka ulemu kwa Kalonga Gawa Undi. Chotsala ndi chani? Juni ndi Julayi, chimanga chili m'nkhokwe, ntchito yakudimba ndi yam'mawa, usiku ndi wautali. Makolo athu sanasankhe nyengo imeneyi mwangozi, nthano zinkakoma anthu akuotha moto, akutonola chimanga, mbatata ili paphulusa, n'chifukwa chake wofotokoza akamaliza amati kaphuleni mbatata ana n'kuyankha kuti yapserera. Kuletsa nthano masana kuja kunalinso ndi nzeru yake, masana ndi a ntchito.

Choncho mankhwala a chisanu ndi kukonza bwino, kuthawa mwezi wa Juni sikuthandiza. Ayambe cha m'ma 4 koloko dzuwa likadalipo, gawo la ana lithe mdima usanagwire kwenikweni, akuluakulu apitirize mpaka cha m'ma 8 basi. Anthu akhale m'magulu ang'onoang'ono, gulu lililonse ndi moto wake ndi wofotokoza wake, kumbali kotchinga mphepo kuseri kwa makalasi, ndipo okalamba akhale pafupi ndi moto atafunda. Wina pa WhatsApp anafunsa kuti nkhuni zonsezo muzitenga kuti mitengo inatha kale m'mapirimu, ndipo funso limeneli linandikhudza chifukwa ndi loona, mitengo yatha ndi makala ndi zigafa za fodya. Koma nthawi imeneyi pakhomo lililonse pali mulu wa zitsononkho, banja lililonse litabwera ndi thumba limodzi moto ungakwane popanda kudula mtengo ngakhale umodzi. Zitsononkho sizichedwa kunyeka, inde, koma zimasiya makala ofunda bwino, ndipo mwana amene wasenza thumba lake kuchokera kunyumba amamva kuti mwambowu ndi wakenso.

Pa nkhani ya chilankhulo ndi pamene ndikufuna kukhalitsa, chifukwa ndi pamene pagona mkangano weniweni ngakhale anthu akubisala kuseri kwa chisanu ndi ndalama. Otsutsa akunena zinthu ziwiri. Choyamba akuti ana athu akulephera mayeso chifukwa Chipwitikizi sachidziwa bwino, ntchito zaboma ndi za m'makampani ku Moatize zimafuna Chipwitikizi, nde mpata uliwonse woti mwana ayime pagulu n'kulankhula uyenera kukhala wa Chipwitikizi. Chachiwiri, chimene ena amangonong'ona, akuti Chichewa ndi cha ku Malawi, tikachikweza kwambiri tidzaoneka ngati si ife a Mozambique enieni. Ndiyambe ndi chachiwirichi chifukwa chimandipweteka. Malire amene ali pa Calomue kapena amene amatsata msewu uja wa pakati pa Dedza ndi Ntcheu, pamene pa Lizulu munthu amangodumpha msewu n'kukhala kuti walowa dziko lina, anachokera ku pangano la Angerezi ndi Apwitikizi la 1891. Achewa anali pano kalekale malirewo asanalembedwe, Angoni a Maseko anafika n'kukhazikika kufupi ndi phiri la Domwe malirewo kulibe, anakwatirana ndi eni dziko mpakana zidzukulu zawo lero zimalankhula Chichewa chomwechi. Ndiye chilankhulochi sitinachibwereke kwa munthu, ndi cha Angonia, cha Tsangano, cha Macanga, cha Chifunde monga momwe chilili cha Lilongwe kapena Chipata. Malamulo aakulu a dziko lathu a 2004 amanena kuti Chipwitikizi ndi chilankhulo chaboma, zoona, koma ndime yoyandikana nayo imanenanso kuti boma limalemekeza zilankhulo za m'dziko muno ngati chuma cha chikhalidwe ndi maphunziro. Rádio Moçambique imaulutsa m'Chinyanja kuchokera ku Tete, palibe amene anaitcha wailesi yachilendo. Vuto lenileni ndi lakuti pafupifupi chilichonse cholembedwa kapena chojambulidwa m'chilankhulo chathu chimachokera kutsidya, Baibulo, mabuku anyimbo, ndakatulo zimene timamva pa wailesi za ku Malawi, ndipo sindikuwada anzathuwo, achita bwino ntchito yawo. Koma n'chifukwa chake mwana wa ku Domwe amakula akuganiza kuti mlakatuli ndi munthu wa ku Malawi basi. Tikapanda kukhala ndi bwalo lathu maganizo amenewo sadzatha, ndipo Chichewa cha kuno, ndi mawu ake a shapa, bairu, baraka ndi kamvekedwe kake ka Chingoni, sichidzamveka kwina kulikonse kupatula pamsika.

Nanga za mayeso zija? Makolo amenewa ndimawamvetsa, palibe amene amafuna mwana wake atsalire. Koma kuganiza kuti Chichewa chikakwera Chipwitikizi chimatsika ndi pamene pali cholakwika. Boma lenilenilo linayesa maphunziro a zilankhulo ziwiri kuyambira 1993 mpaka 1997, ndipo zigawo ziwiri zimene zinasankhidwa zinali Gaza ndi Chichangana, ndi Tete wathu yemweyu ndi Chinyanja, kenako kuyambira 2003 njirayi inayamba kufalikira m'masukulu ena m'dziko lonse. Maganizo ake ndi osavuta kumva, mwana amene waphunzira kuganiza, kufotokoza ndi kuwerenga m'chilankhulo cha amayi ake savutika kusamutsira luso limenelo ku chilankhulo china. Mphunzitsi aliyense wa kalasi yoyamba kumudzi angakuuzeni za mwana amene m'kalasi amakhala duu ngati wosalankhula, koma pa nthawi yopuma amafotokozera anzake nkhani yonse ya ng'ombe imene inathawa dzulo, mwadongosolo, poyambira, pakati ndi pothera. Luso limenelo ndi lomwelo limene adzalifune polemba redasau, chimangirizo chija, m'Chipwitikizi. Madzulo awiri a nthano sangamulande mwana Chipwitikizi chimene amachimva masiku onse a sukulu chaka chonse. Ndipo sindikunena kuti Chipwitikizi chiletsedwe, wachinyamata wa ku sekondale amene walemba ndakatulo yake m'Chipwitikizi ayime alakatule, amene amasakaniza asakanize, wa Chinyungwe wochokera kumunsi alandiridwe. Chimene ndikukana ndi choti pulogalamu yonse itembenuzidwe chifukwa cha alendo asanu a pampando wakutsogolo pamene anthu mazana akhala pansi akungoyang'ana. Nthano si sipichi yoti wina alankhule ena angomvera. Wofotokoza akati padangokhala gulu lonse limayankha tili tonse, ndipo limayankhabe mpaka kumapeto, pakati pali nyimbo imene wofotokoza amatsogolera ana n'kumavomera akuomba m'manja. Ndinaonapo agogo ena akufotokoza ya Kalulu ndi chitsime chija nyama zinakumba iye atakana, pofika pamene Fulu wamugwira anasiya kulankhula, anangokweza dzanja limodzi m'mwamba ngati lamatirira, kenako linalo, kenako mwendo, ana akugubuduka ndi kuseka ena akukuwa kuti asamusiye asamusiye. Muikepo womasulira pakati pa zimenezo muone ngati chitsalepo. Mlendo amene samva apatsidwe munthu womunong'oneza pambali, ndi mmene timachitira ngakhale pamaliro.

Pali enanso, makamaka achinyamata anzathu, amene akuti nthano zinatha, ana a lero ali pa TikTok ndi Facebook, ngati mukufuna anthu adzadze itanani oimba kapena konzani mpira. Mpira ndi nyimbo palibe amene akuletsa, zili kale ndi masiku ake ambirimbiri chaka chonse ndipo sizisowa owathandiza. Koma zoti achinyamata alibe chidwi ndi mawu si zoona. Pitani pa 1 Juni tsiku la ana kapena pa 25 Juni pokumbukira ufulu wa 1975 muone ana asukulu akulimbirana kulakatula, pitani paukwati kapena pamaliro a munthu wodziwika mumve mnyamata akuwerenga ndakatulo yake pafoni anthu akupukuta misozi, onani ma odiyo amene amazungulira pa WhatsApp. Chilakolako chilipo, chimene chikusowa ndi malo oti mnyamata ameneyo akumane ndi nkhalamba imene ili ndi miyambi, zilape ndi mayina akale a malo amene iye sanawamvepo. Foni si mdani pa nkhaniyi, mnyamata yemweyo ajambule agogo akufotokoza, atawapempha kaye ndipo iwo atalola, nthanoyo ifike kwa abale ali ku Beira, ku Maputo kapena ku Joni.

Ndipo pali chifukwa china chimene ife a kuno sitingachizembe. Nthano sizinafooke chifukwa cha mafoni okha. Nkhondo yapachiweniweni ya zaka 16 ija inabalalitsa midzi yathu, anthu opitirira miliyoni imodzi a dziko lino anathawira ku Malawi, ambiri a kuno anakakhala ku Dedza ndi ku Ntcheu mpaka mtendere utasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992. Amene anali ana nthawi imeneyo, amene lero ndi makolo a ana asukuluwa, ambiri anakula usiku uli wothawa kapena wogona kutchire, moto woothera panja unali woitana ngozi. Ndiye pali m'badwo wathunthu umene sunalandire mokwanira, ndipo sungapereke chimene sunalandire. Amene anamva nthano bwinobwino nkhondo isanafike lero ndi okalamba kwambiri, chisanu chilichonse chimatenga ena. Amene akuti tidikire chaka chamawa kapena tidikire ndalama aziganizirenso zimenezi. Ndingakondenso kuti pakhale kagawo ka nkhani zenizeni, mmene anthu anaolokera malire usiku, mmene anabwerera n'kupeza minda yasanduka tchire, kwa amene akufuna kufotokoza okha popanda kukakamizidwa komanso popanda kuloza chala chipani chilichonse, chifukwa ana ambiri sadziwa n'komwe chifukwa chake amalume awo anabadwira ku Malawi.

Abale ena a mipingo akuda nkhawa kuti nthano zili ndi za afiti ndi ziwanda, ndipo mwina gule alowererapo. Za gule ndiyankhe mwachidule, Gule Wamkulu ali ndi eni ake, bwalo lake ndi nthawi yake, UNESCO inamuzindikira mu 2005 ngati chuma cha Malawi, Mozambique ndi Zambia, ndipo sayenera kukokedwa ngati chokongoletsera pulogalamu ya wina. Asabwere pa festivaliyi, ulemu kwa iye komanso kwa amene savina. Za afiti m'nthano, nthano zambiri zimene ndikuzidziwa mfiti imathera pamoto, wadyera amachita manyazi, mwana wamasiye amene ankazunzidwa amapulumuka. Akatekisiti ndi abusa omwe amazigwiritsa ntchito polalikira. Gawo la ana lisankhidwe bwino, basi.

Pomaliza ndilankhule ndi okonza, chifukwa ngozi yaikulu ya festivaliyi ili m'manja mwawo kuposa mwa otsutsa. Tonse tikudziwa mmene zochitika zathu zimayendera, anthu afika 2 koloko, mlendo wolemekezeka afika 5 koloko, kenako malonje, sekeretale wa bairu, mfumu, woimira uyu, woimira uja, aliyense mphindi makumi awiri, pofika nthawi ya agogo mdima wagwa chisanu chalowa amayi ayamba kubereka ana kubwerera, wina n'kuwauza agogowo kuti mufupikitse nthawi yatha. Zikatero amene ankati ndi kutaya ndalama adzakhala kuti ananena zoona. Mfumu ya malo itsegule ndi mawu ochepa monga mwa mwambo, aboma alandiridwe mwaulemu apatsidwe moni wawo, koma nthano yoyamba iyambe pa nthawi yake kaya iwo afika kaya sanafike. Musaike mpikisano pakati pa okalamba kuti wina nambala wani wina nambala thu, mudzangodanitsa midzi, mpikisano ukhale wa ana asukulu ngati mukuufuna, mphoto zake makope ndi zolembera. Ndipo musangotenga agogo a m'tauni amene ali pafupi chifukwa ndi osavuta kuwapeza. Pitani kwa mafumu a ku Domwe, ku Lifidzi, ngakhale ku Tsangano, mufunse kuti kuno amene ana amamuthamangira madzulo ndi ndani, nthawi zambiri adzakulozerani mayi wina wosadziwa kulemba amene sanagwirepo maikolofoni. Ndalama yoyamba imene yasonkhedwa ipite ku shapa yokamutenga mayi ameneyo ndi mdzukulu womuperekeza, bulangete, chakudya chofunda ndi malo abwino ogona, kuti asabwerere usiku pa njinga yamoto mu mphepo ya Juni. Zikwangwani mudzagula ndi zotsala.